Chichokereni ku opaleshoni ya m'mutu mwana wanga wasintha khalidwe, alipo anaonapo zotere?

Amake Tadala:
Mwaswera bwanji nonse abale anga a pa Joni pano. Pepani ndilemba zambiri, ndasowa pogwira. Ena a ku Rosettenville kuno mukudziwa kale kuti Tadala wanga wa zaka 8 uja anamupanga opaleshoni ya m'mutu, anamupeza ndi chotupa mkati cha kunkhongo, madokotala akuchitchula kuti medulloblastoma. Opaleshoni inayenda bwino ndithu, atatsitsimuka anandiitana mpaka anapempha madzi, koma mawa lake mwana anangoti zii osatulutsa liwu olo limodzi, kumangolira basi kulira kwake kokuwa kuja, thupi lonse lende osatha kukhala tsonga yekha. Mawu anabwerera patapita masabata, pano akuyankhula ngakhale amakoka mawu, akuyendanso koma modzandira pang'ono. Radiotherapy, kuwotcha khansa ndi makina kuja, tinamaliza, tsopano tili pa chemo, mankhwala amphamvu a khansa aja. Zonsezo ndinazilandira. Chikundisowetsa tulo ndi khalidwe. Tadala anali wofatsa, wamanyazi, woti alendo akabwera amabisala kuseri kwa chitseko, pano kanthu kakang'onong'ono wapsa mtima kale, dzulo wagenda mlongo wake ndi kapu chifukwa wasintha tchanelo pa TV, posakhalitsa wayamba kuseka, kenako kulira kosatonthozeka mpaka kukagona pansi pa tebulo. Mu tekisi Loweruka anauza mayi wina maso ndi maso kuti mukununkha, ine manyazi kusowa poyang'ana. Bambo ake akuti tamulekerera chifukwa cha matendawa akufunika kakhofi kamodzi, apongozi kumudzi akuimba foni tsiku ndi tsiku ati mwanayo anthu amuchita chipongwe timukweze basi akamuone munthu. Alipo anadutsamo mu zoterezi? Zimatha?

Agogo aNaphiri:
Pepani mwananga. Mulungu akugwireni dzanja, mwasenza katundu wolemera.

Che Amidu:
Pepani kwambili asisi. A nesi athu aja aku Randburg ali pompano, iwo amagwila ku wodi ya ana, tiwadikile

Nesi Nachisale:
Ndafika. Amake Tadala pepani kwambiri, ndisanalankhule zambiri ndifunse kaye. Anamuika shunt, kapaipi kaja kotsitsa madzi a m'mutu kupita nawo m'mimba? Nanga kupsa mtimaku kwangoyamba masiku ano mwadzidzidzi kapena kwakhala kulipo chichokereni ku opaleshoni? Akudandaula mutu, kusanza m'mamawa, kugona tulo tovuta kudzutsa, kuona zinthu ziwiriziwiri, kutentha thupi?

Amake Tadala:
Shunt alibe a nesi, anati madzi akuyenda okha chotupa chitachoka. Zinayambira kuwodi komwe kuja. Mutu sakudandaula, thupi silikutentha, kusanza ndi masiku a chemo okha

Nesi Nachisale:
Chabwino, pamenepo mtima wanga wakhala pansi pang'ono. Ndafunsa dala kuti ena onse amve, mwana amene anapangidwapo opaleshoni ya m'mutu akasintha khalidwe mwadzidzidzi limodzi ndi mutu, kusanza kapena kuwodzera kwachilendo, sitidikira tsiku la kiliniki, ndi ku casualty nthawi yomweyo olo pakati pausiku, chifukwa akhoza kukhala madzi adzadza m'mutu kapena shunt yatsekeka. Chimodzimodzi mwana wa pa chemo thupi likafika 38, osangomupatsa Panado n'kugona, thamangani naye.

Tsopano za Tadala. Malo amene panali chotupacho amatchedwa cerebellum, kaubongo kakang'ono kokhala kunkhongo pansi pa ubongo waukulu. Kuchepa n'kochepa koma maselo a ubongo opitirira theka ali mmenemo. Kale anthu ankangoti ntchito yake ndi kuyendetsa thupi basi, kuti usadzandire, kuti dzanja lifike pakamwa osaphonya. Mu 1998 dokotala Jeremy Schmahmann, amene udokotala wake anaphunzirira konkuno ku University of Cape Town asanapite ku Boston, pamodzi ndi Janet Sherman analemba za odwala amene cerebellum yawo inawonongeka ndipo anasintha kaganizidwe, kayankhulidwe ndi khalidwe lomwe, ena kungokhala ndwii opanda chidwi ndi chilichonse, ena kutaya kudziletsa konse, kuyankhula chilichonse chabwera pakamwa. Anazitcha cerebellar cognitive affective syndrome. Kaubongo kameneka kali ngati dzanja loyeza mchere m'ndiwo, kakavulala mchere umalowabe koma muyezo wasokonekera, pena wadzadza pena mulibiretu. Mkwiyo woyenera kukhala wa katsinye kamodzi ukutuluka wa chikho chonse. Mwana aliyense amakwiya wina akamusinthira tchanelo, aliyense amamva fungo mu tekisi, kusiyana kwake n'koti chimene chimagwira dzanja ndi pakamwa mwa Tadala chavulala.

Nesi Nachisale:
Kusayankhula kuja nakonso kuli ndi dzina, posterior fossa syndrome kapena cerebellar mutism, ndipo kumagwira pafupifupi mwana 1 mwa 4 aliwonse opangidwa opaleshoni ya medulloblastoma. Kumabwera ndendende mmene mwafotokozeramo, mwana amadzuka n'kuyankhula kaye kenako patsiku limodzi kapena awiri mawu n'kuthawa, thupi kulefuka, ena kuvutika kumeza, kulira ndi kukwiya kosatonthozeka. Chotupa chimenechi chimakonda kumera pakati penipeni pamene padutsa timitsempha tolumikiza cerebellum ndi ubongo wakutsogolo umene umaganiza ndi kudziletsa, nde pochichotsa njira imeneyo imasokonekera olo adokotala asamale chotani. Inu simunalakwitse kalikonse mayi, ndipo mwana wanu si wamwano.

Amake Tadala:
A nesi ndikuwerenga ndikulira kuno. Zoti ana ena zimawachitikiranso mpaka zili ndi dzina, ine ndimangoona ngati ndi wanga yekha

Achimwene aku Mayfair:
Ine ndisabise mawu, zachipatalazo ndamva ndipo ndikupepesa, koma mwana ndi mwana. Kuwongola mtengo mpoyamba. Akazolowera kugenda anthu ndi makapu ali ndi zaka 8, akadzafika 15 adzagenda ndi chani? Tonsefe tinakula ndi chikwapu ndipo tili pano tikudyetsa mabanja. Bambo akewo sakulakwa kwenikweni, akuopa zam'tsogolo

Bambo a Chiso:
Achimwene, mantha anuwo ndikuwamva chifukwa nanenso ndinali nawo, koma ndikuuzeni zimene ndaona m'nyumba mwanga. Chisomo wanga anagundidwa ndi galimoto ku Diepsloot kuno akuweruka kusukulu ali ndi zaka 11, anavulala chakutsogolo pachipumi apa, anagona ku ICU ali chikomokere. Atatuluka aliyense ankati mwayi wanji, bala linapola tsitsi linamera, kumuona simungadziwe kuti anavulalapo. Koma mnyamata amene ankatsogolera kwaya ya ana kutchalitchi anayamba kutukwana pagulu, kutapa ndiwo m'mbale ya mlendo, kukumbatira anthu osawadziwa pa rank, ukamutuma pa spaza kukagula buledi ndi mkaka amabwera chimanjamanja ndalama ili m'manja waiwala chimene wapitira. Tsiku lina malume ake amene tinkakhala nawo anamupatsa khofi chifukwa anatukwana amayi ake, mwana anakodzera m'kabudula pomwepo ali chiimire, mawa lake anatukwananso chimodzimodzi, nditamufunsa kuti dzulo malume anakumenyeranji anandiyang'ana maso ali yuu, sankakumbuka n'komwe. Chimene anaphunzira pa khofi uja ndi kuopa malume basi, ankati akamva mapazi awo pakhomo n'kuthawira ku toilet. Chikwapu chimagwira ntchito pamwana woti akhoza kukumbuka ndi kudzigwira nthawi ina, nanga chimene chavulalacho chikakhala chomwecho chodzigwiriracho mukumenya chani?

Nesi Nachisale:
Ndiwonjezerepo. Mwana wa pa chemo magazi ake amatsika, makamaka ma platelet amene amaumitsa magazi, khofi limodzi likhoza kuyambitsa kukha magazi mkati, komanso mutu womwewo unatsegulidwa posachedwapa. Chonde bambo ake amve zimenezi. Komanso kuno si kwathu, Constitutional Court inagamula mu 2019 kuti kumenya mwana ngakhale kholo lake m'nyumba mwake ndi kulakwira lamulo, kusukulu ndiye analetsa kalekale mu 1996.

Achimwene aku Mayfair:
Nde tizingomuyang'ana akuswa mitu ya anzake? Funso langa ndi limenelo, sindikufuna mwana apwetekedwe ayi

Bambo a Chiso:
Ayi ndithu, malire amakhalapobe. Kungoti nthawi yophunzitsa si pamene moto wayaka. Ife anatiphunzitsa a OT, aja ophunzitsa mwana kuchitanso zinthu zatsiku ndi tsiku, kuti akayamba chotsani kaye zogendera ndi ana ena pafupi, tsitsani mawu, musamufunse mafunso, musamuunjirire anthu, mawu akhale ochepa, ndili pano, khala pansi, basi. Akazizira, mwina wagonako, m'pamene mumakhala naye n'kunena mwachidule kuti kugenda ayi, tiye ukapepese, tiye titole magalasi limodzi. Mawa mubwerezanso zomwezo, mkuja zomwezo, zimatopetsa sindinama koma zimalowa pang'onopang'ono.

China chimene chinatithandiza kwambiri ndi kope. Amake Chiso anagula kakope ka sukulu n'kumalemba nthawi iliyonse waphulika, inali nthawi yanji, anadya liti, kunali ndani, kunali phokoso lanji. Posakhalitsa tinaona tokha kuti zambiri zimachitika madzulo akangofika kuchokera kusukulu, ndi Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi mwa ma speaker muja. Kutopa, njala ndi phokoso. Ubongo wovulala umatopa msanga kuposa mmene ife tingaganizire, tsiku la sukulu limodzi kwa iye ndi ntchito yakalavulagaga. Tinayamba kuti akafika adye kaye, agone ola limodzi chitseko chotseka, TV yozimitsa, osamutuma kanthu, ndipo pomutuma chinthu chimodzi pa nthawi, akabwera nacho ndiye china. Kupita ku town timapewa nthawi yodzadza pa rank ya matekisi ya Bree kapena Noord. Kope lomwelo tinapita nalo kwa adokotala ndipo anaona kuti ukali unakula chiyambireni mankhwala oletsa kukomoka a Keppra, anatiuza kuti kwa ana ena amachita zimenezo, anamusinthira ena. Koma osasiya nokha mankhwala amenewo, akhoza kukomoka koopsa, asinthe ndi adokotala.

Nesi Nachisale:
Bambo a Chiso mwayankhula zonse zimene ndikanayankhula. Nkhani ya mankhwalayo Amake Tadala ikukhudzani inunso. Onani pa khadi kapena pa mabotolo ngati akumwa dexamethasone, ndi steroid amene amapatsidwa kwambiri kwa ana a zotupa za muubongo, amabweretsa njala yosakhuta, masaya kufufuma, kusowa tulo ndi ukali weniweni, nayenso saasiya mwadzidzidzi amachita kutsitsa pang'onopang'ono. Vincristine wa mu chemo amapweteketsa nsagwada ndi miyendo komanso kudzimbidwa, mwana woti mawu akumuvuta sanena kuti pakuwawa apa, amangolusa. Cisplatin, nayenso wa mu chemo, amawononga makutu, makamaka mawu ang'onoang'ono okwera, nde mwana akhoza kumaoneka ngati sakumvera pamene sakumva. Radiotherapy ya mutu ndi msana nayo imasiya kutopa kwa miyezi, ndipo patsogolo ikhoza kufooketsa thyroid, kachiwalo ka pakhosi kotulutsa mahomoni, ndi mahomoni okulitsa thupi, n'chifukwa chake amayeza magazi ndi msinkhu pafupipafupi. Zonsezi zikaunjikana pamwamba pa bala la cerebellum, mwana wa zaka 8 angapirire bwanji. Pa kiliniki yotsatira musangoyankha kuti ali bwino, ife Amalawi timakonda kuyankha choncho pamaso pa adokotala. Nenani zonse, kapu, mu tekisi, pansi pa tebulo, ndipo pemphani kuti amuone a psychologist oona za maganizo ndi khalidwe, a OT ndi a speech ophunzitsa kuyankhula.

Amake Tadala:
Dexamethasone amamupatsa masiku a chemo, ndaona pa khadi. Za makutuzo mwandikumbutsa, masiku ano amakweza TV kwambiri ndipo ndikamuitana ndili ku kitchen sayankha. Usiku wina atalusa n'kuzizira anabwera n'kutsamira pamwendo panga akuti mami m'mutu mwanga mukulira tizilombo, sindinamve chimene amatanthauza

Nesi Nachisale:
Zimenezo mukawauze mawu ake omwewo. Kulira kwa m'makutu kumayenda ndi cisplatin, afunika kumuyeza makutu asanalandire wina.

Boss Lady Yeoville:
Asisi ndipezeni ku inbox ndili ndi ma supplement achilengedwe otsuka ubongo ndi kuchotsa poizoni wa chemo, ambiri achira

Admin:
Mayi, malonda pankhani ya mwana wodwala ayi. Ndafufuta zithunzi zanu zija, mukabwereza ndikutulutsani.

Nesi Nachisale:
Zikomo a Admin. Chilichonse chakumwa, kaya cha m'botolo lokongola kaya mizu yochokera kumudzi, funsani kaye adokotala a khansa. Chiwindi ndi impso za mwanayu zikulimbana kale ndi chemo.

Agogo aNaphiri:
Ine ndiyankhulepo za apongoziwo poti ndine gogo mnzawo. Mwananga musawayankhe mokalipa, iwonso ndi mantha, mdzukulu wawo anachoka ali bwinobwino pano akungomva pafoni kuti akutukwana anthu, kumudzi munthu akasintha chonchi maganizo amathamangira komweko. Bambo a Tadala ndi amene awaimbire amayi awo, osati inu, awafotokozere kuti chotupa anachiona pa sikani ndi maso awo, chinachotsedwa, ndipo mankhwala akadali pakati sangadukize. Muziwaimbira pa video mwana akakhala pabwino m'mawa amuone akudya phala akuseka, mtima wawo uzikhala pansi. Koma zomukweza basi ulendo wa masiku awiri kudutsa Beitbridge mpaka Mwanza magazi ali otsika, chemo kusiyira panjira, izo ayi, ndakana ine. Pemphero lilipo konkuno. Ndipo ndinenenso izi ngakhale ena sakondwa, kuli mapemphero ena ausiku amene amaika mwana pakati anthu n'kumukuwira tuluka tuluka pa maikolofoni, mwana wodwala m'mutu musapite naye kumeneko, akamva anthu akuluakulu akunena kuti mwa iye muli chiwanda adzazisunga mumtima moyo wake wonse. Ife amayi a chigwirizano ku Turffontein tikhoza kubwera awiri atatu, kupemphera motsitsa mawu, kukuchapirani n'kubwerera.

Che Amidu:
Agogo mwanena zoona. Ifenso kwathu dua timapanga koma mankhwala a chipatala sitisiya

Amake Mphatso:
Ine ndimangowerenga koma nkhaniyi yandikhudza. Wanga sichinali chotupa, anadwala malungo a muubongo ali ndi zaka 4 tili ku Machinga, anakomoka masiku angapo, atachira tinathokoza Mulungu koma kuchokera pomwepo sakhazikika, kumenya anzake, kuthawa pakhomo, kuluma, anthu anamutcha dzina loti wamisala mpaka azimayi ankaletsa ana awo kusewera naye. Pano ali ndi zaka 10 ndinabwera naye kuno. Kodi a nesi zimenezi n'zofanana?

Nesi Nachisale:
N'zapachibale mayi. Malo ovulala akhoza kusiyana koma nkhani ndi yomweyo, ubongo unapwetekeka. Ku Queen's ku Blantyre a Blantyre Malaria Project akhala akutsata ana opulumuka malungo a muubongo kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti ena amadzayamba khunyu, ena kusakhazikika ndi ukali, ena kuvutika kuphunzira, nthawi zina patapita miyezi mwana atatuluka kale m'chipatala. Meningitis nayo imatha kusiya zomwezo. Pitani naye ku kiliniki yapafupi mukafotokoze mbiri yonse kuyambira malungo aja, mupemphe kalata yopita kwa dokotala wa ana. Muwauzenso ngati amangoti duu kuyang'ana malo amodzi osayankha kwa kanthawi, khunyu lina siligwetsa munthu pansi. Thandizo lilipo olo papita zaka.

Aphunzitsi aku Cosmo City:
Ndilowepo pa mbali ya sukulu chifukwa ndi kumene ana amenewa amakapwetekekera kachiwiri. Mwana akabwerera tsitsi litamera, akuyenda yekha, mphunzitsi wa ana 45 m'kalasi amangoona mwana waulesi wosamaliza kukopera notsi, wolusa, woyankha mwamwano. Sakudziwa kuti mwanayo akufunika nthawi yowirikiza kuti amve funso n'kupeza yankho, ndipo dzanja likunjenjemera polemba. Musadikire kuti akuitaneni pa mlandu. Pitani nokha kwa a principal ndi kalata ya adokotala, osangoti anadwala, kalatayo inene zimene zasintha. Kuno kuli ndondomeko ya boma yotchedwa SIAS ya 2014, sukulu iliyonse ya boma imayenera kukhala ndi School Based Support Team, amadzaza mafomu ndi inu kholo n'kupanga pulani ya mwanayo, zikawakulira amatumiza ku district. Zimene mungapemphe ndi monga kuyamba ndi theka la tsiku, kukhala kutsogolo, nthawi yowonjezera pa mayeso, kuchepetsa homuweki, malo achete oti akapume akaona kuti mutu watentha. Ndipo pemphani chilolezo mphunzitsi afotokozere anzake a m'kalasi mwachidule, ana akamvetsa amasiya kuseka kayankhulidwe, ena mpaka amamunyamulira chikwama. Chimene ndaona ine n'choti mavuto ena saoneka chaka choyamba, amadzatulukira ku Grade 6, Grade 7 ntchito ikachuluka yofuna kukonza wekha zinthu, nde fayilo ya makalata a chipatala isatayike, mudzaifuna patsogolo.

Bambo a Chiso:
Zoona aphunzitsi, Chiso zinadzamuvuta kwambiri atalowa high school, aphunzitsi ambiri makalasi osinthasintha. Adokotala anati ubongo wakutsogolo umakhwima mochedwa mpaka zaka za m'ma 20, nde bala la pamenepo limaonekera bwino pamene anzake ayamba kukhwima nzeru iye n'kutsalira. Tinapezanso bungwe la Headway Gauteng limene limathandiza ovulala ubongo ndi mabanja awo, kungokhala ndi anthu oti ukayankhula sakudabwa zimapepukitsa.

Amake Tadala:
Zikomo nonse. Koma funso langa lija a nesi, ndiuzeni zoona musandinyengerere, adzabwerera mmene analili?

Nesi Nachisale:
Ndikuuzani zoona. Kulusa kwakukulu ndi kulira kosatonthozeka kwa ana ambiri kumanka kuchepa miyezi ikamapita, makamaka chemo ndi steroid zikatha thupi n'kupeza mphamvu. Mawu ndi kayendedwe zimapita patsogolo ndi fizo ndi speech, ngakhale ena amatsala akukoka mawu kapena kudzandira pang'ono. Koma ana amene anadutsa mu kusayankhula kuja ambiri amatsala ndi kenakake, kuchedwa kugwira zinthu m'kalasi, kutopa msanga, kuvutika kusunga anzawo, ndipo ena akamakula amadzipatula n'kuyamba kukhumudwa kwambiri. N'chifukwa chake ndikukakamira za psychologist panopa osati zikadzavuta. Mwana aliyense ali ndi ulendo wake ndipo amene akumuona Tadala ndi sikani zake ndi amene angakuuzeni zambiri. Musamuyeze ndi Tadala wa chaka chatha tsiku lililonse, muzimuyeza ndi wa mwezi watha. Ndipo mukadzamva akunena zoti bola kufa kapena akudzipweteka dala, musazitenge ngati zachibwana, uzani adokotala tsiku lomwelo, foni yothandiza ana ya Childline ndi 116 yaulere.

Nabanda waku Tembisa:
Ine mtima wanga uli pa mlongo wakeyo. Ali ndi zaka zingati? Ndinakula ndi mchimwene wodwala khunyu, makolo onse maso anali pa iye, ine ndikalira ankati iwe uli bwino usatisokoneze. Mwana wogendedwa ndi kapu naye akufunika womufunsa kuti wapweteka pati

Amake Tadala:
Ali ndi zaka 6. Masiku ano wayambanso kukodza pogona, ndipo anandifunsa kuti kodi Tada amadana nane. Tikukhala chipinda chimodzi chogawa ndi katani nde alibe kothawira

Nabanda waku Tembisa:
Mumuuze m'mawu a msinkhu wake kuti m'mutu mwa achimwene ake muli bala limene likupola, si chifukwa cha iye, ndipo kugendedwa sikoyenera olo wogendayo akudwala, amve kuti inu mwaona. Mupangane naye kuti Tada akayamba iye azipita kwa a neba kapena panja pa stoep. Olo ka mphindi 15 patsiku kokhala inu ndi iye basi, kumuluka tsitsi, kupita naye pa shopu, kumakwanira.

Nesi Nachisale:
A CHOC mwakumana nawo kale kuwodi? Ndi bungwe la ana a khansa limene anayambitsa makolo konkuno ku Johannesburg mu 1979, amapezeka kumene kuli mawodi a khansa ya ana monga ku zipatala za Charlotte Maxeke ndi Baragwanath. Ali ndi ma social worker, nyumba zogona mabanja ochokera kutali, ndi magulu a makolo. Auzeni za mlongo wakeyo komanso za inu nomwe, chifukwa mayi wosagona miyezi yonseyi naye ndi wodwala. Bambo ake ayesetse apemphe tsiku kuntchito abwere nawo ku kiliniki amve okha kuchokera pakamwa pa adokotala, azibambo ambiri zimawalowa akamva choncho kusiyana ndi kumva kwa mkazi wawo.

Achimwene aku Mayfair:
Apo nde zoona. Ngati angalole ndikhoza kucheza nawo ine bambo mnzawo, ndamva zimene anena bambo a Chiso za mwana kukodzera m'kabudula zandikhala pamtima. Kodi grant ya ana odwala ija, ndalama ya boma yochokera ku SASSA, sangalandire?

Aphunzitsi aku Cosmo City:
Care Dependency Grant ndi ya nzika, a permanent residence ndi ma refugee, ambiri a ife sitikwanamo. Afunse social worker aone mapepala awo.

Lachinayi

Amake Tadala:
Abale ndabwera kudzakuuzani mmene tayendera. Bambo ake anapita nawo, ndinatenga kakope monga munanenera bambo a Chiso ngakhale ndangolembamo masiku ochepa, ndinawerenga zonse pamaso pa adokotala osabisa. Sanadabwe n'komwe, anafotokoza zomwezija a nesi munanena za cerebellum mpaka anajambula papepala kuwaonetsa bambo ake pamene panali chotupa ndi pamene njira zimadutsa. Bambo ake anafunsa okha za kumenya, adokotala anawayankha mosapsatira, pobwerera mu tekisi sanayankhule kanthu koma usiku ndinawamva akuimbira amayi awo panja nthawi yaitali. Makutu amuyeza, akuti mawu okwera sakuwamva bwino mbali zonse ndipo akambirana za mankhwala a chemo yotsatira. Atilembera kwa psychologist ndi OT, mzere ulipo koma dzina lalowa. Dzulo walusanso, waponya nsapato, ndinatulutsa mlongo wake n'kukhala pansi chete pafupi naye, zinatenga nthawi koma sizinafike pogona pansi pa tebulo.

Bambo a Chiso:
Limbikirani choncho mayi, masiku ena zidzabwerera m'mbuyo makamaka sabata ya chemo, musadzati zakanika. Kopelo musasiye.

Amake Mphatso:
Inenso ndapita ku kiliniki Lachiwiri andipatsa kalata, deti ndi ya mwezi wamawa

Agogo aNaphiri:
Ambuye alemekezeke. Loweruka tibwera awiri cha m'ma 10, Tadala akakhala wagona sitigogoda tikuimbirani tili pageti. Kamtsikanako mukakonzeretu, tikatenga kakasewere ndi adzukulu anga ku Turffontein tidzakabweza madzulo.

Amake Tadala:
Zikomo agogo, ndikatumizirani location ku inbox. Aphunzitsi, kalata ya kusukulu ija adokotala akuti alemba sabata yamawa, ndikailandira ndikujambulirani muione kaye ngati yakwana ndisanapite nayo kwa a principal.

Aphunzitsi aku Cosmo City:
Tumizani, ndipo muwapemphe alembemonso za makutuzo.